FUNSANI A HEDI: "Nditamugwira ndi likasa anandiuza kuti tionana panjira"

Mwera wayamba kuomba panyanja, asodzi akungokhala kugombe kusoka maukonde, ndipo ife amene tinakalambira pachoko timadziwa kuti ikafika nyengo imeneyi ndiye kuti mayeso a MANEB ali pakhomo. Mwezi uno makalata abwera ambiri a nkhani imodzimodzi, ziopsezo ndi ndewu kumalo olembera mayeso, nde ndasankhapo anayi, onse ochokera konkuno ku Mangochi. Maina a anthu ndi a sukulu ndachotsa dala, paja ena mwa inu mukuyenera kubwereranso komweko.

FUNSO

A Hedi, ine ndine mphunzitsi wamkazi wa zaka 29. Chaka chatha ananditumiza kukayang'anira mayeso a Fomu 4 pa senta ina ya cha kumtunda uku, njira ya ku Namwera. Tsiku la masamu ndinaona bambo wina wa ma external, aja ongobwera kudzalemba mayeso koma sali ana a pasukulupo, wamkulu ndithu wandevu zake, akungoweramira mwendo pafupipafupi ngati akukanda, nditayandikira ndinapeza kapepala kolemba ting'onoting'ono kali m'sokosi. Ndinamulanda. Sanakuwe ayi, anangondiyang'ana m'maso nkunena chapansipansi kuti "madamu, ndikudziwa komwe mukugona, tionana panjira." A Hedi thupi lonse linazizira. Ndimagona kwa mphunzitsi mnzanga, ulendo wapansi wa mphindi ngati 20 kudutsa m'minda ya nandolo, ndipo madzulo njirayo imakhala zii. Kapepalako ndinangokaponya m'chikwama changa osauza munthu, mawa lake ndinamuonanso akubera koma ndinayang'ana kumbali. Mpaka lero zimandidya mumtima. Chaka chino andisankhanso, ndikane kapena ndipite? Alawansi ndikuifuna, sindinama, koma moyo sagula.

Mphunzitsi wamantha, Mangochi boma

YANKHO

Madamu, mantha anuwo si uchitsiru ayi, munthu wakuuzani kuti akudziwa pomwe mumagona ndipo muli kudera lachilendo, aliyense angazizidwe nkhongono. Sindikudzudzulani pa kuopa. Pomwe pandivuta ndi pa chikwamapo. Kapepala kaja katangolowa m'chikwama mwanu zinthu zitatu zinaonongeka nthawi imodzi, umboni unatayika, bambo uja anaphunzira kuti mawu ake agwira ntchito nchifukwa chake mawa lake anabera mtima uli m'malo, ndipo chachitatu chomwe mwina simunachiganizire nchakuti wina akanakupezani nako kapepalako, mlandu ukanatembenukira inu. Mukanafotokoza bwanji kuti invijileta akusunga mayankho a masamu m'chikwama mkati mwa senta? Akanati munabwera nako kudzapereka kwa ana.

Nde tiyeni tibwerere m'chipinda muja. Mwamuona akuweramira sokosi. Musanapite nokha, kodolani invijileta mnzanu kaye, mukhale awiri, chifukwa munthu amalankhula zina akaona kuti mboni palibe ndipo amameza mawu akaona maso anayi. Mukafika padesiki lankhulani motsitsa mawu, oti ana oyandikana asamve nkomwe, "bambo, tipatseni kapepalako." Akapereka, landirani, osanenanso china. Akakana musalimbane naye, musamugwire mkono, musamupise m'sokosi, ndipo musaime pakati pa iye ndi chitseko, munthu wopsa mtima akaona kuti watsekeredwa ndi pomwe amayamba kuponya nkhonya. Mnzanuyo akaitane sapavaiza, sapavaiza aitane wapolisi amene ali pasentapo. Ntchito yanu ndi kuona, kulanda ngati zalandika mwamtendere, ndi kulemba. Zomutulutsa kapena kumutenga ndi za sapavaiza ndi apolisi, za zotsatira zake ndi za akuluakulu a MANEB ku Zomba, inu simuli woweruza ndipo simuli msilikali.

Izi ndikunena zinandionekera ine ndemwe. Ndili mphunzitsi wachinyamata, magazi akuthamanga, ndinagwira mnyamata wina ndi likasa atalisokerera mkati mwa kolala ya shati. M'malo mongolanda, ndinalikweza m'mwamba ngati ndavuula chambo, nkukuwa kuti "taonani mbava iyi!" Chipinda chonse chinatembenuka, atsikana ena anaseka. Mnyamatayo anadzuka, anakankha desiki ija, inandimenya m'mawondo ndinagwa chagada, magalasi anga anathyoka pakati, ndipo ana oposa 40 omwe sanalakwe kanthu anataya mphindi zambiri akuonerera a sala awo akukwawa kufuna magalasi pansi. Mnyamatayo analakwa, inde, mlandu unamupeza. Koma moto ndinakoleza ndine. Likasa lija akanapereka bwinobwino ndikanakhala kuti sindinamuvule pagulu.

Komanso muwamvetse anthu a external awa, osati kuwakhululukira koma kuwadziwa. Ambiri ndi akuluakulu, ena abwera ku Joni kudzangolemba, ena amapalasa kabaza kapena kugulitsa usipa nkumasonkha okha ndalama ya mayeso, ena akulemba kachitatu chifukwa masamu kapena Chingelezi chimawagwetsa ndipo ntchito yomwe akuifuna ikufuna satifiketi. Kunyumba kuli mkazi ndi ana omwe anawatsanzika kuti ulendo uno zitheka. Munthu wotere mukamulankhula ngati kamwana ka Fomu 1 pamaso pa ana ofanana ndi ake, mwamukhudza pachilonda. Mutchuleni bambo, mutchuleni achimwene, koma kapepalako mulande ndithu.

Tsopano za chiopsezocho. Kubera mayeso ndi mlandu wina, kuopseza munthu kuti umuchita chipongwe ndi mlandu winanso pansi pa malamulo a dziko lino, ndipo wachiwiriwu suyembekeza kuti akumenyeni kaye. Nde nthawi yomweyo, mawu akadali m'khutu, tengani pepala mulembe ndendende momwe wanenera, osakometsa, "ndikudziwa komwe mukugona, tionana panjira," mulembe tsiku, nthawi, pepala lomwe limalembedwa, nambala yake ya mayeso, ndi amene anali pafupi. Mnzanu asainire. Perekani kwa sapavaiza kuti zilowe mu lipoti la tsikulo, inu musunge kope lanu kapena mujambule pafoni mukatuluka. Kenako mukapereke sitetimenti kupolisi tsiku lomwelo, osati mawa, osati mayeso akatha. Ambiri oopseza chapansipansi amadalira kuti inu mukhala chete, akangoona kuti wapolisi wawaitanira pambali nkuwauza kuti "madamu aja akangopunthwa ndi mwala tiyamba ndi iwe," matama onse amathera pomwepo. Koma si onse, nde musadalire zimenezo zokha. Usiku umenewo musagone komwe akukudziwako, pemphani a hedi a pasukulupo akusamutsireni nyumba ya pafupi ndi sukulu, musayende nokha m'minda ya nandolo ija, yendani pagulu ndi anzanu kapena mupeze wakabaza mmodzi wodziwika kwa aphunzitsi a pomwepo azikutengani. Muuzenso sapavaiza akusinthe chipinda kuti musamaonanenso ndi bamboyo maso ndi maso. Zikaoneka kuti zakula, ofesi ya maphunziro paboma ilipo, akhoza kuona zokusinthani senta, koma iwonso sangathandize nkhani yomwe sinalembedwe paliponse.

Mupite kapena mukane? Ine nditi pitani, koma tsiku loyamba lomwe, mayeso asanayambe, mufunse mafunso atatu pamaso pa anzanu onse, wapolisi azikhala pati, tikafuna thandizo mwachangu tiziitanana bwanji popeza foni sitilowa nazo m'chipinda, ndipo ogona kutali tiziyenda bwanji. Sapavaiza akayankha mozemba, limbikirani mpaka ayankhe. Ngati mtima wakaniratu, kukana si tchimo, kuli bwino kusiyira wina kusiyana nkupita kukayang'ana kumbali milungu yonseyo.

FUNSO

A Hedi ndine mtsikana wa Fomu 4 cha ku Monkey Bay. Pali mnyamata wa m'kalasi mwathu amene nambala yake ikutsatana ndi yanga nde azikhala kumbuyo kwanga. Wandilembera pa WhatsApp kuti ndizisendeza pepala langa kumbali kuti aziona, ndikapanda kutero andithira mbama pageti komanso auza anthu zabodza za ine. Pa mock anandikoka tsitsi nditabisa pepala. Ndikuopa kunena chifukwa amayenda ndi gulu. Nditani?

Mwana wasukulu, Monkey Bay

YANKHO

Mwanawe, meseji imeneyo usafufute, ndiye chida chako chachikulu. Ijambule sikirinishoti, utumize kwa mayi ako kapena kwa mkulu wako kuti foni ikatayika umboni ukhalepo. Iyeyo usamuyankhe kanthu, ngakhale kumutukwana ngakhale kumunyengerera.

Ndikuuze zomwe mwina sunazidziwe. Ukasendeza pepala lija iye nkukopera, mlandu sukhala wake yekha, ukhala wa nonse awiri. Ochonga mayeso ndi aphunzitsi ozolowera, akaona mapepala awiri a manambala otsatana ali ndi mayankho ofanana mpaka pomwe walakwitsa iwe iyenso walakwitsa chimodzimodzi, safunsa kuti anaopsezedwa ndani, ndipo zotsatira zikhoza kuimitsidwa kapena kufafanizidwa kumene. Zaka zinayi zako za ku sekondale, fizi yomwe makolo ako anatuluka nayo thukuta, zonse zipite chifukwa cha mfana woti sanawerenge? Ayi.

Pita ndi kholo lako kwa a hedi mayeso asanayambe, ngati a hedi ukuwaopa yambira kwa mphunzitsi wamkazi amene umamasuka naye, muwaonetse mesejiyo ndipo unenenso za tsitsi zija za pa mock. Malo okhala amatsata manambala nde mwina sangakusunthe mwachisawawa, koma a hedi akauza sapavaiza, invijileta akhoza kumaima pafupi ndi mzere wanuwo, ndipo mnyamatayo ayitanidwe ndi makolo ake achenjezedwe. Potuluka usathamangire kugeti wekha, tsalira pafupi ndi ofesi mpaka abwere okutenga. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yomwe imamva nkhani ngati zimenezi, komanso pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, ukhoza kuimba ngakhale ulibe mayunitsi. Chimodzi chokha ndikuletse, usakauze alongo ako kuti akamuthidzimule. Ukatero mawa lake pageti padzakhala magulu awiri, ndipo iwe udzalemba Biology mtima uli phaphapha.

FUNSO

A Hedi, ine ndine wapampando wa komiti ya sukulu ina ya pulayimale kutsidya kuno, njira ya ku Makanjira. Chaka chatha pa mayeso a Sitandade 8 anyamata a m'mudzi ndi makolo ena anazungulira sukulu, ena akuponya timapepala pawindo, ndipo oyang'anira atatseka mawindo anayamba kugenda malata. Ana ena analira. Mayi wina anauza sapavaiza kuti "miyendo imeneyo itupa musanafike kwanu," mpaka mphunzitsi mmodzi anapakira katundu usiku nkuthawa. Chikundiwawa nchakuti ogendawo ndi abale athu omwe, timapemphera nawo limodzi. Chaka chino sindikufuna manyazi amenewa. Tiyambire pati?

Tcheya wodandaula, kutsidya kwa Shire

YANKHO

A tcheya, mwafunsa nthawi yabwino, paja nkhanga zinapangana kusanapse. Nkhani yanuyi siithera pawindo tsiku la mayeso, iyenera kuthera pabwalo la amfumu milungu iwiri mayeso asanayambe. Wapolisi mmodzi kapena awiri sangalimbane ndi mudzi wonse, koma mudzi umamvera eni ake. Nde itanani a gulupu ndi a nyakwawa, a shehe, abusa, a mother group, a PTA ndi achitetezo cha m'mudzi, mukhale pansi ndi a hedi ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a zoni yanu. Mugwirizane malire, kuti kuyambira pamtengo wa mango uja mpaka pachitsime palibe wodutsa nthawi ya mayeso, ngakhale wogulitsa mandasi, mumange chingwe kapena muike miyala yopaka laimu kuti pasakhale wonena kuti sindimadziwa. Amfumu anene okha chindapusa cha wodumpha malirewo. A shehe akalengeze Lachisanu kumzikiti, abusa Lamulungu kutchalitchi. Ndipo pamalirepo paziima anthu a m'mudzi momwemo, akuluakulu oti mnyamata akawaona achita manyazi kutola mwala pamaso pa amalume ake.

Pamsonkhanopo musawatukwane makolowo, paja iwo m'maganizo mwawo akuthandiza ana. Auzeni chilungamo chake, kuti kapepala koponya pawindo kakapezeka, amene amapsa ndi mwana, ndipo nthawi zina senta yonse imakayikiridwa, ana osalakwa nkuvutikira limodzi. Akumbutseni za 2020, mayeso a Fomu 4 ataululika boma linawathetsa mu November ali mkati, ana a dziko lonse analembanso mu January 2021 asilikali a MDF akuthandiza kulondera, ndipo amene anawerenga mwachilungamo ndi amene anagula likasa onse anabwerera kukhasu limodzi. Komanso afunseni funso ili, oponya mayankhowo ndi ndani? Nthawi zambiri ndi anyamata omwe iwonso Sitandade 8 inawakanika, akulembera mwana mayankho olakwika, mwana nkufufuta lake lolondola.

Zikachitikabe kuti miyala yayamba kugwa padenga, oyang'anira asatuluke kukakangana ndi gulu, palibe amene anapambanapo mkangano ndi chikhamu cha anthu. Ana awachotse kumawindo, awauze modekha kuti atembenuze mapepala ndi kukhala pansi, sapavaiza alembe nthawi yomwe kulemba kwaima ndi yomwe kwayambiranso, mapepala a mayeso asachoke m'maso mwake, ndipo wapolisi aitane anzake pomwe inu a tcheya mukuthamangira amfumu. Mwana kapena mphunzitsi akavulala, kuchipatala kaye, ndipo mutenge kalata ya kupolisi kuti adokotala alembepo, imeneyo ndiyo imadzayankhula kukhoti.

Za kutupa miyendozo, ndikudziwa ena aseka koma mphunzitsi amene anathawa usiku uja sanaseke. Kaya munthu amakhulupirira kaya ayi, mawuwo cholinga chake nkuopseza, nde alembedwe mu lipoti ngati chiopsezo china chilichonse. Ndipo mayiwo adziwe kuti lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, limaletsa munthu kudzitcha mfiti kapena kunamizira kuti ali ndi mphamvu zotere, monganso limaletsa kuloza wina chala kuti ndi mfiti. Inunso musawabwezere powatcha mfiti, mungagwe m'mbuna yomweyo. Chomwe chimathandiza kwambiri nchakuti alendo oyang'anirawo akafika, amfumu awalandire poyera, awapatse malo ogona pafupi, anthu aone kuti awa ndi alendo a mfumu. Mlendo wa mfumu sagendedwa wamba.

FUNSO

A Hedi, mwana wanga wa zaka 17 anaiwala ID ya mayeso kunyumba, atabwerera kukatenga njinga inaphulika tayala nde anafika mochedwa, pageti anamukaniza. Anapsa mtima anakankha mlonda nkugenda windo la ofesi, galasi linasweka. Pano ali m'manja mwa apolisi ndipo kwatsala mapepala atatu. Abale akuti tipite gulu tikamutenge. Ndi mwana wofatsa, sanayambe wachitapo zotere.

Mayi wosweka mtima, Malindi

YANKHO

Mayi, gululo lisiyeni kunyumba. Mukapita anthu khumi mukukuwa, kamlandu ka galasi kasanduka chipolowe ndipo ena mwa abalewo agona komweko. Pitani inu ndi bambo ake kapena amalume ake, mutenge chilichonse chosonyeza zaka zake. Pa zaka 17 malamulo athu amamuona ngati mwana, paja malire ndi 18, nde sayenera kusungidwa pamodzi ndi akuluakulu, ndipo inu kholo muli ndi ufulu wokhalapo akamafunsidwa. Pemphani mwaulemu kuti atuluke pa belo chifukwa ali pakati pa mayeso, ndipo funsani kuti wa zachisamaliro cha ana adziwitsidwe.

Mukachoka apo pitani kwa a hedi, osati kukatsutsa koma kukapepesa, kwa iwo ndi kwa mlonda uja amene amangogwira ntchito yomwe anatumidwa. Galasilo nenani kuti mulipira, ndipo mulipiredi. Kenako mufunse kwa a hedi ndi sapavaiza ngati angaloledwe kulemba mapepala atatu otsalawo, chigamulo si chanu kapena changa koma kufunsa msanga kumathandiza, ndipo nkhani ya tayala ija ilembedwe momwe inachitikira. Mwanayo akatuluka musamukalipire usiku womwewo, mumpatse madzi osamba, adye, agone. Akaloledwa kulemba, ID ija muibooleze kapena muiike m'kapulasitiki, mumange chingwe aziivala m'khosi kuyambira madzulo, ndipo m'mawa anyamuke ndi wamkulu mmodzi womuperekeza mpaka pageti, ola lathunthu nthawi isanakwane.